Jumbo, Mbaula ndi Dengu la Kumsika

Omvera, ena mwakhala pakhonde, ena muli m'minibasi kubwerera kunyumba, ena wailesi mwaiika pawindo uku mukuvundula nsima. Nkhani yathu lero ndi ya pulasitiki wa pakhomo: majumbo, timapepala tomangira mchere ndi mafuta, mabotolo, matewera otaya, zonse zija zimalowa m'nyumba m'mawa n'kukapezeka kudzala madzulo. Ndikufuna tikambirane mmene tingazichepetsere, ndipo muona kuti zambiri zolowa m'malo mwake tili nazo kale.

Tiyambe ndi lamulo, poti ambiri timangolimvera patali. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa kuchokera kunja, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikuloni 60. Umenewu ndi muyeso wa kuchindikala kwa pepala, ndipo mamaikuloni 60 akufanana pang'ono ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Majumbo aja mumaonera dzanja lanu mkati, ong'ambika mukangoikamo chinangwa, ndiwo ankanenedwa. Makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti n'kukatenga chiletso, mlandu n'kuyenda zaka. Mu July 2019 bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Koma nkhani sinathere pomwepo. Ziletso zina zinabweranso pambuyo pake, ndipo bungwe loona za chilengedwe la Malawi Environment Protection Authority linamangika manja kangapo konse. Nthawi yonseyo majumbo ankangotuluka m'mafakitale. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 anaonetsa kuti dziko lathu limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo magawo 80 pa 100 alionse ndi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.

Mmodzi mwa amene analimbikira kuti lamuloli lisafere m'mafailo ndi mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene mu 2021 analandira mphoto ya Goldman Environmental Prize chifukwa cha ntchito imeneyi. Chimene chinawadzidzimutsa iwo si mabuku a kunja ayi. Zinali mbuzi. Ankagwira ntchito ndi alimi opatsirana mbuzi m'midzi, ndipo anaona ziweto zikufa chifukwa chodya majumbo. Aliyense amene anaimapo pamene akupha mbuzi pamsika akudziwa zimenezi. Mbuzi imanunkhiza mchere kapena mafuta otsalira pa jumbo, imameza, ndipo jumboyo sigayika. Lero imodzi, mawa ina, mpaka m'chifu mumadzaza chimtolo chopotanapotana, cholimba, chakuda. Mbuzi imadzimva kukhuta, imasiya kudya msipu, nthiti n'kuyamba kuwerengeka mimba ili tuu. Mwini wake amaganiza kuti ndi njoka zam'mimba, amagula mankhwala, osathandiza. Mbuzi imene ikanalipirira mwana sukulu kapena kugula thumba la feteleza imafera m'khola, kapena amaigulitsa motchipa isanafe.

Anzathu a ku Rwanda analetsa majumbo mu 2008, a ku Kenya mu 2017, a ku Tanzania mu 2019. Amalonda amene mumawoloka Songwe kupita ku Kyela ndi ku Mbeya kukapikula katundu mwaona nokha kuti anthu kumeneko akugula ndi kugulitsa bwinobwino popanda jumbo yopyapyala. Choncho zotheka n'zotheka. Boma lichite mbali yake, ndipo tisaleke kulikumbutsa. Koma woweruza milandu sapita nanu kumsika, ndipo sakhala nanu pamene mukukoleza moto. Pamenepo pamakhala inu nokha ndi ana anu.

Ndiye ndiyambe ndi moto, chifukwa mwa zonse zimene ndinene lero, ichi ndicho chimandipweteka mtima koposa. Dzuwa likamalowa m'makwalala a Ndirande, a Mtandire, a Chibavi, a Chinamwali, mverani fungo limene limadzaza mpweya. Si la makala okha. Mwana watumidwa kuti akayatse mbaula. Waunjika makala, watola jumbo, waipotokola, waiyatsa ndi machesi, ndipo akuigwira pamwamba kuti madontho a moto azigwera pamakala. Kenako amagwada, nkhope pafupi ndi mbaula, n'kuyamba kuuzira. Utsi wakuda uja, wonunkha, woyabwa pakhosi, umayamba wadutsa m'mapapo mwake usanakwere kumwamba. Nthawi zina ndi mayi amene akuyatsa, khanda lili kumsana, mutu wake uli paphewa pomwe utsi ukudutsa. Dontho limodzi likagwera pa chala kapena pa phazi, limamatirira pakhungu n'kumapitiriza kuotcha.

Sindikudzudzula munthu. Tonse tikudziwa chifukwa chake timatero: jumbo imayaka msanga, ili pomwepo, ndi yaulere, ndipo nthawi ya dzinja makala akanyowa imathandizadi. Koma utsi wa pulasitiki si utsi wa nkhuni. Pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, omwe aja amatulutsa petulo ndi dizilo, ndipo popanga amathiramo mankhwala ena ofewetsa ndi opatsa mtundu. Akamapsa pamoto wa mbaula kapena wa kudzala, sapsa n'kutheratu. Amatulutsa mwaye ndi mpweya woipa, ndipo mitundu ina, monga ya mapaipi ndi yokutira mawaya a magetsi, imatulutsa poizoni wotchedwa dioxin, amene akalowa m'thupi amakhazikika m'mafuta a thupi kwa zaka zambiri ndipo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Amene ali ndi mphumu kapena chifuwa chokhalitsa safunika kuuzidwa ndi dokotala, thupi lawo limawauza pompo.

Nanga tiyatsire chiyani? Zitsononkho za chimanga, zimene nthawi yokolola timangoziunjika n'kuzitentha. Sungani thumba limodzi pouma, likufikitsani kutali. Makoko a mtedza, timitengo touma, udzu wofolera wotsala, zidutswa za katoni, mapepala a m'makope akale. Ndipo pali kachipangizo kamene ndikufuna banja lililonse likhale nako: chitini chachitali chochotsa pansi ndi pamwamba, kapena kapaipi kachitsulo kamene amisiri osula mbaula angakupangireni ndi lata lotsala. Mukayatsa kapepala ndi zitsononkho pakati pa makala, imikani chitinicho pamwamba. Chimakoka mpweya kuchokera pansi, moto n'kumalilima wokha, inu osauzira, osakupiza. Makala amagwira msanga kuposa mmene amagwirira ndi jumbo. Ndiponso kupala moto kwa anzathu oyandikana nawo sikunathe ntchito. Makala awiri oyaka pa phale ndi okwanira, ndipo mumapezerapo mwayi wofunsa mmene adzukira.

Pafupi ndi moto pali chakudya chotentha. Pachiwaya, tchipisi chimachoka m'mafuta owira n'kulowa m'kajumbo kopyapyala, kabichi pamwamba, mchere, tsabola, kenako timapukusa. Kajumbo kaja kamafota m'manja mwanu mukuona. Kunyumba, mayi akaphika mbatata, chinangwa, maungu kapena mpunga, amayala jumbo pamwamba pa mphika kuti nthunzi isathawe, n'kuvundikira. Ena amakulunga mitanda ya nsima m'majumbo kuti ikafike yotentha kuchipatala kapena kumunda. Cholinga ndi chabwino, chikondi chimene. Koma kutentha ndi mafuta ndi zinthu ziwiri zimene zimathandiza kuti mankhwala a m'pulasitiki asamukire m'chakudya, ndipo majumbo amenewa sanapangidwe kuti aziphikidwa. Chakudya chimene tikupititsira wodwala chisadutse m'menemo.

Agogo athu ankafuna zomwezo, kuti nthunzi isathawe, ndipo ankadziwa chochita. Tsamba la nthochi, mukaliwaula pang'ono pamoto, limafewa, silisweka, ndipo limavundikira mphika bwino kwambiri. Masamba a maungu amagwira ntchito yomweyo pa mbatata. Makoko a chimanga chachiwisi amayalidwa pansi ndi pamwamba pophika mondokwa. Mkate wa nthochi wophikidwa m'masamba uli ndi fungo lake limene jumbo singapereke. Kwa inu a m'tauni amene nthochi ili kutali, chivundikiro chokwana bwino, kapena mbale yachitsulo yovundikira chafufumimba n'kutsindira ndi kamwala, n'chokwanira. Nsima ya kuchipatala iikeni m'bakuli, mukulunge ndi chitenje, ikafika yotentha. Ndipo achinyamata okonda tchipisi, ngati mukudyera pomwepo, pemphani mbale. Ngati mukupita nacho kunyumba kapena kuntchito, tengani kontena yanu. Mwini chiwaya sangakane, mwamupulumutsira jumbo imodzi imene anagula ndi ndalama.

Tsopano tipite kumsika, kumene majumbo ambiri amachokera. Tayerekezani ulendo umodzi wokagula ndiwo. Mulu wa tomato, jumbo yake. Anyezi, yake. Bonya, yake. Mpiru, yake. Mafuta ophikira m'kapepala komanga mfundo, mchere m'kena. Manja akadzaza mumagula jumbo yaikulu yoti zonsezi zilowemo. Mukafika kunyumba mumakhuthula, ndipo pasanathe ola limodzi ntchito ya majumbo onse aja yatha. Koma iwo sanathe. Akhala kudzala, mphepo iwaulutsira m'ngalande, mvula iwakokolera mumtsinje. Imani pa mlatho wa Mudi kapena wa Nasolo ku Blantyre, kapena wa Lilongwe pafupi ndi msika waukulu, mvula yoyamba itangogwa. Ngalande ikatsekeka madzi amafuna njira ina, ndipo njirayo imakhala khomo la munthu. Madzi otsala amadikha m'zithaphwi, udzudzu n'kupeza poswanirana.

Mankhwala ake ndi dengu, ndipo palibe Mmalawi amene sakulidziwa. Funso ndi lakuti linasowa bwanji m'manja mwathu. Ndikaona ine, mbali ina ndi manyazi. Tinafika poona ngati kunyamula dengu ndi uchimidzi, pamene kulendewetsa jumbo ya m'sitolo yaikulu ndi chizindikiro chakuti zinthu zikuyenda. Makamaka ife abambo. Bambo wovala bwino amalolera kunyamula majumbo asanu, zala zikuchita kufiira, kusiyana n'kuti anzake amuone ndi dengu. Manyazi amenewa akutidyera ndalama, ndipo alibe phindu.

Mbali ina si manyazi, ndi mmene timayendera. Ambiri sitichoka kunyumba n'cholinga chopita kumsika. Timagula ndiwo pochokera kuntchito, potsika minibasi, pamene ndalama yapezeka. Dengu silingalowe m'thumba la buluku, n'zoona. Apa m'pamene telala wa pakhonde la golosale amathandiza. Chitenje chakale chimene chatha m'mphepete chimatulutsa zikwama ziwiri kapena zitatu zolimba. Chikwama chotero chimapindika n'kukwana m'thumba la jekete, m'kachikwama ka m'manja ka amayi, pansi pa chishalo cha njinga. Chikada mumachapa limodzi ndi zovala. Thumba la ufa kapena la mpunga lotha ntchito, telala akalidula n'kusokerera zogwirira, limanyamula mbatata ndi makala zaka. Chovuta si kuchipeza, koma kuchikumbukira. Mukangokhuthula katundu, chibwezereni pomwepo m'thumba kapena chikolekeni pa msomali wa pachitseko pamene pamakhala makiyi.

Kenako pamatsala mawu awiri atatu oti munene. Wogulitsa dzanja lake linazolowera, inu musanatsegule pakamwa iye wang'amba kale jumbo. Nenani msanga, mwaulemu: "Mayi, jumbo isiyeni, ingoikani muno." Tomato, anyezi, mbatata, nthochi, zonsezi zimakhalira limodzi m'dengu popanda vuto, zolimba pansi, zofewa pamwamba. Bonya, usipa ndi matemba zimamangidwa bwino papepala. Nyama ndi nsomba zaziwisi, izi zimafuna chotengera chotseka, bakuli kapena kontena imene mukaitsuke ndi sopo mukafika. Pamenepa musachite mphwayi, magazi a nyama asakhudze masamba odya osaphika.

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa anthu ophunzira, akuti: muzigula zinthu zambiri nthawi imodzi, mupewa timapepala. Malangizowo ndi abwino kwa wolandira malipiro pakutha pa mwezi. Koma mayi wogulitsa mandasi, bambo wa kabaza, mnyamata wa ganyu, amadya zimene wapeza tsiku limenelo. Amagula mafuta a lero, shuga wa tiyi wa mawa m'mawa, kaufa kongokwana mphika umodzi. Munthu wotere kumuuza kuti agule malita asanu a mafuta ndi kumunyoza. Chimene angathe ndi ichi: kabotolo kagalasi kotsuka bwino kokagulira mafuta. Wogulitsa amayeza ndi kamuyeso kake komweko, n'kuthira m'botolo m'malo mwa kapepala. Ndipotu mumapindula, chifukwa mafuta amene amatsalira m'makwinya a kapepala, aja timachita kufinya ndi zala, onse amalowa mumphika. Ufa, mpunga, nyemba ndi mchere zoyeza pa kapu zingathiridwe m'kambale kapena m'kathumba kansalu. Ndipo amene muli m'banki m'khonde, kapena oyandikana nyumba atatu anayi ogwirizana, mukhoza kusonkha n'kugula chigubu chimodzi cha mafuta kapena thumba la shuga n'kugawana. Mtengo umatsika, timapepala n'kuchepa.

Inu ogulitsa, ndikudziwa mantha anu. Mukapanda kupereka jumbo, kasitomala apita pa benchi la mnzanu. N'chifukwa chake nkhani imeneyi siingatheke ndi wogulitsa mmodzi. Ikufunika komiti ya msika ikhale pansi, onse a mzere wa tomato agwirizane tsiku loyambira, alengeze, ndipo pakhomo la msika pakhale ogulitsa madengu ndi zikwama zansalu. Pakali pano, wobwera ndi chotengera chake muikireni basera. Tomato mmodzi wapamwamba amakumbutsa munthu dengu kuposa chikwangwani chilichonse.

Tikalowa m'nyumba, zolowa m'malo mwa pulasitiki n'zambiri moti sindingazitchule zonse. Lichero, nsengwa, mthiko, chipande, tsache la udzu kapena la mlaza, mphasa ndi mkeka. Chinkhupule, chimene chimayanga chokha pa mpanda wa bafa, chimatsuka thupi ndi mbale zomwe, ndipo chikatha mumachiponya pa manyowa n'kuwola, pamene siponji ya m'sitolo imanyenyeka tizidutswa topita ndi madzi. Mabotolo agalasi otha jamu kapena khofi amasunga mchere, nyemba ndi mbewu, anankafumbwe osalowa. Pogula zakumwa zoziziritsa kukhosi, botolo lagalasi lobweza kugolosale lija limazungulira kambirimbiri, pamene lapulasitiki limayenda ulendo umodzi. Ndipo chikwatu, kodi achinyamata mukuchidziwa? Mfutso wa nkhwani, khwanya kapena chitambe ukauma, amaukulunga m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi, n'kupachika kukhitchini kumene kumafika utsi. Umakhala mpaka chilimwe. Mfutso womwewo mukautsekera m'jumbo usanaumitsitse, umachita thukuta n'kuyamba nkhungu.

Pali chinanso chimene sitichiganizira. Zipangizo zopangira pulasitiki timaitanitsa kunja, ndi ndalama zakunja zomwe zija timazisowa pogula mankhwala ndi mafuta a galimoto. Koma ndalama yogulira dengu imapita kwa mayi kapena bambo woluka nsungwi ndi mlaza ku Salima kapena ku Mangochi, ya mtsuko imapita kwa woumba mbiya wa m'mudzi mwanu, ya chikwama kwa telala. Luso limeneli likutha chifukwa ogula achepa, ndipo ana a oluka sakuona chifukwa chophunzirira.

Pa mtsuko ndiime pang'ono, chifukwa pali chabwino ndi choti tisamale. Madzi a mumtsuko amazizira okha. Dothi lowotcha lili ndi timabowo tosaoneka, madzi amatulukira kunja pang'onopang'ono n'kumauma ndi mphepo, ndipo kuumako n'kumene kumachotsa kutentha. M'mwezi wa October ku Nsanje kapena ku Karonga, madzi a m'chigubu chapulasitiki amafunda ngati osamba, a mumtsuko ali ziziri, popanda firiji, popanda magetsi. Banja lokhala ndi mtsuko ndi botolo lolimba lotengera madzi paulendo silifunika kumagula madzi a m'timapepala ndi m'mabotolo panjira. Koma tisaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene anatenga miyoyo ya anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mtsuko wosavundikira, umene aliyense amaviikamo kapu yomwe wamwera, zala zikukhudza madzi, ndi woopsa. Ngati mukusunga madzi mumtsuko, athireni kulorini kapena muwawiritse, vundikirani, ndipo pakhale kapu yotungira yokhala ndi chogwirira, yosiyana ndi yomwera, monga amatilangizira alangizi a zaumoyo. Ngati zimenezi n'zovuta pakhomo panu chifukwa cha ana ambiri, ndowa yapulasitiki yovundikira yokhala ndi kampopi ndi yabwino koposa, ndipo musachite nayo manyazi.

Ndanena dala zimenezi, kuti wina asamve ngati ndikuti pulasitiki yense ndi mdani. Neti yoteteza udzudzu ndi pulasitiki. Ndowa, beseni ndi chigubu chotungira madzi n'zopepuka pamutu pa mayi kuposa zachitsulo, ndipo zimakhala zaka. Matumba a PICS amasunga chimanga popanda kuthira mankhwala, ndipo mukawasamala amagwira ntchito nyengo zingapo. Zimenezi zisamaleni, musazisiye padzuwa pomwe zimauma n'kusweka, ndipo zikang'aluka pitani nazo kwa omata. Nkhondo yathu ili pa pulasitiki wa mphindi khumi, wolowa m'manja n'kutayidwa tsiku lomwelo.

Ndichenjezenso pa kugwiritsanso ntchito zinthu, poti Amalawi pamenepa ndife akatswiri, mwina mopitirira. Botolo kapena chigubu chimene munali mankhwala a mbewu, a thonje, a fodya kapena a dibi, chisalowemo madzi akumwa, mafuta, mkaka kapena thobwa, ngakhale mutachitsuka kangati. Thumba la feteleza si loikamo ufa. Ndipo mabotolo a thobwa ndi a madzi ogulitsa m'misewu, ambiri amatoledwa kumene ena anataya atamwera. Amayi ophika thobwa, atsukeni ndi sopo ndi madzi otentha, kapena gulitsirani m'ndowa yovundikira, wogula abwere ndi botolo lake.

Tsopano nkhani imene ambiri amaizemba: matewera otaya, amene timawatchula kuti mapampasi. Pitani m'mbali mwa mitsinje ya m'mizinda yathu, kuseri kwa mipanda, m'makalavati, muwapeza ali mbwee, agalu atawang'amba. Mmenemo muli pulasitiki, mulinso chimbudzi cha mwana, ndipo kumunsi kwa mtsinje womwewo wina akuchapa, wina akuthirira masamba amene tidzagule mawa. Ena amawaponya m'chimbudzi chokumba, chimbudzi n'kudzaza msanga poti sawola. Sindikufuna kulankhula ngati sindidziwa mtolo wa mayi. Thewera lansalu limafuna madzi, sopo, dzuwa ndi nthawi, ndipo kumene madzi amagulidwa pa ndowa, kapena mayi amalawirira kuntchito, si nkhani yapafupi. Koma pali njira ya pakati imene mabanja ena akutsata: lansalu masana pamene muli pakhomo, lotaya usiku kapena paulendo wa kusikelo ndi kutchalitchi. Mukatero mwachepetsa ndi theka kapena kuposa, ndipo ndalama yotsala mudzaiona pakutha pa mwezi. Abambo, ngati mukufuna kuti zimenezi zitheke, madzi ochapira matewera katungeni ndinu, ndipo kuchapa thewera la mwana wanu sikuchotsa ulemu. Chimodzimodzi nsalu zochapa za amayi ndi atsikana pa nthawi ya kumwezi, zimene magulu ambiri a amayi akusoka masiku ano. Zikasokedwa bwino, kuchapidwa ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka kuuma, zimathandiza mtsikana amene sangakwanitse kugula za m'sitolo mwezi ndi mwezi.

Pa zikondwerero ndi pa zovuta ndingodutsapo mwachidule. Ukwati, chinkhoswe kapena maliro a m'tauni akatha, bwalo limatsala loyera ndi timbale totaya, masupuni ndi mabotolo. Kale mudzi unkasonkha mbale, aliyense atalemba chizindikiro chake kunsi, ndipo zikatha ankatsuka n'kubweza. Mipingo, mizikiti ndi magulu a amayi angathe kugula mbale ndi makapu zachitsulo zokhalitsa, n'kumabwereketsa kwa mamembala, ngakhale pa kamtengo kochepa kogulira sopo.

Ngakhale mutachita zonsezi, pulasitiki wina adzalowabe m'nyumba: pepala la shuga, la buledi, la sopo waufa, la mankhwala. Tichite naye chiyani? Tisadzinamize kuti kwinakwake kuli makina odzabweza zonse. Pa dziko lonse lapansi, pulasitiki amene amabwezeredwa kufakitale n'kupangidwanso safika ngakhale magawo 10 pa 100 alionse. Choyamba, musamusakanize ndi zinyalala zowola. Makoko, masamba, phulusa ndi zotsala za kukhitchini zikhale ndi dzenje lake, zisanduke manyowa. Mukasakaniza, tsiku lotuta manyowa mudzatutira majumbo kumunda, ndipo khasu lidzakhala likuwafukula chaka ndi chaka, mizu ya chimanga ikukanika kudutsa. Pepala la shuga ndi la buledi litsukeni, liyanikeni, ligwire ntchito kangapo, ndipo ochita nazale amadzalamo mbande za mitengo m'malo mogula machubu. Mabotolo ndi zidutswa za mabeseni ziikeni m'thumba padera, chifukwa m'mizinda muli anthu otolera amene amakagulitsa. Apatseni zoyera pakhomo, asachite kukazifukula kudzala ndi manja. Zotsala zenizeni, kumene galimoto ya khonsolo imafika zipite kumeneko. Kumene sifika, zikwirireni m'dzenje lakelake, kutali ndi chitsime ndi munda, kumene mbuzi ndi ana sangafike. Kukwirira si kwabwino kwenikweni, koma kukuposa kutentha ndiponso kutaya mumtsinje.

Ndipo poti misonkho ya pamsika timalipira tsiku ndi tsiku, tili ndi ufulu wofunsa khansala wa dera lathu kuti zinyalala za pamsikapo zimachotsedwa liti, ndiponso chifukwa chake majumbo oletsedwa akugulitsidwabe poyera. Mafumu ndi ma bulokulida, nkhaniyi ilowe pa msonkhano wotsatira, pamodzi ndi ya zimbudzi ndi ya mijigo.